Oliver Evans: Mmisiri amene anakonza zoti tirigu aziyenda yekha m'chigayo

M'mafakitale a masiku ano katundu sanyamulidwa pamutu kapena paphewa kuchoka pa makina ena kupita pa ena. Mabotolo, matumba a simenti ngakhalenso magalimoto omwe akupangidwa amayenda pa malamba ndi maunyolo, ndipo paliponse pamene afika pamachitika gawo limodzi la ntchito mpaka chinthucho chitatha.

Akatswiri a mbiri ya mafakitale amati mmodzi mwa anthu oyambirira kukonza ntchito mwa njira imeneyi anali malemu Oliver Evans a m'dziko la United States of America, omwe anabadwa m'chaka cha 1755 ndi kumwalira m'chaka cha 1819. Iwo anayambira m'chigayo cha tirigu cha m'mbali mwa kamtsinje, zaka zoposa 120 kampani ya Ford isanayambe kupanga magalimoto pa mzere woyenda. Luso lawolo linasintha zigayo za dziko lonselo, komanso linawalowetsa m'milandu yomwe inawadyera zaka zomaliza za moyo wawo.

Ubwana ndi ntchito yoyamba

A Evans anabadwa pa 13 September 1755 ku Newport m'dera la Delaware, pa nthawi imene derali linali lidakali pansi pa ulamuliro wa Britain. Bambo awo, a Charles Evans, anali osoka nsapato ndipo kenaka anagula munda n'kuyamba ulimi.

Ali ndi zaka pafupifupi 16, a Evans anayamba kuphunzira ntchito kwa mmisiri wina wopanga ngolo ndi mawilo ake. Kumeneko anaphunzira kuyeza, kusema matabwa ndiponso kulumikiza thabwa ndi chitsulo. Masamu ndi kayendedwe ka makina anadziphunzitsa okha powerenga mabuku.

Nkhondo yomenyera ufulu wa dzikolo itabuka m'chaka cha 1775, katundu wochokera ku Britain anasiya kufika. Zina mwa zinthu zomwe zinasowa zinali zipeso za waya zopesera ubweya wa nkhosa usanapotedwe kukhala ulusi. Mano a zipesozi ankadulidwa ndi kupindidwa pamanja, limodzilimodzi. A Evans, omwe anagwirako ntchitoyi, anakonza makina odula ndi kupinda waya mwachangu. Makinawo sanawalemeretse, koma anaonetsa khalidwe lomwe anakhala nalo mpaka imfa: akaona munthu akubwereza ntchito imodzimodzi tsiku lonse, ankafunafuna njira yoti chitsulo ndi thabwa zimugwirire.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1780 anatsegula sitolo ku Tuckahoe m'dera la Maryland pamodzi ndi mbale wawo Joseph. M'chaka cha 1783 anakwatira a Sarah Tomlinson, ndipo m'nyengo yomweyo anagwirizana ndi abale awo awiri zomanga chigayo m'mbali mwa mtsinje wa Red Clay Creek ku Delaware.

Momwe zigayo zinkagwirira ntchito

Zigayo za nthawi imeneyo zinali nyumba zosanjikizana zomangidwa m'mbali mwa mitsinje. Madzi ankazunguza gudumu lalikulu, ndipo gudumulo linkazunguza mphero zamiyala zomwe zinkapera tirigu. Mphamvu ya madzi inkathandiza kwambiri pa kuperako, koma ntchito yochotsa katundu pa gawo lina kupita naye pa lina inali ya anthu.

Tirigu akafika pa ngolo kapena pa bwato, amuna ankasenza matumba kapena kuwakoka ndi chingwe kupita nawo m'chipinda chapamwamba. Akaperedwa, ufa unkagwera m'bokosi pansi pa mphero uli wotentha komanso wachinyezi kaamba ka kukhuzana kwa miyala. Ufa wotere sukanatheka kusefedwa chifukwa unkamata nsalu yosefera, ndipo ukatsekeredwa mumgolo usanaume unkasasa. Choncho anthu ankauwola ndi mafosholo, kuuthira m'ndowa zikuluzikulu, kuukwezanso pamwamba n'kuuyanika pansi. Mnyamata wina ankakhalira kuutembenuza kwa maola ambiri kufikira utazizira, kenaka n'kuukokera pa bowo lopita ku chosefera.

Paliponse pamene ufa unkadutsa m'manja mwa munthu, wina unkatayika, wina unkapondedwa ndi mapazi a matope, ndipo nthawi inkapita. Ili linali vuto lalikulu chifukwa ufa unali m'gulu la katundu wofunika amene dera la Philadelphia, Wilmington ndi Baltimore linkagulitsa kunja, makamaka ku zilumba za Caribbean ndi ku Ulaya. Ufawo unkapakidwa m'migolo ya mapaundi 196, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 89, ndipo pa doko la Philadelphia unkayamba wayesedwa ndi oyendera a boma usanakwezedwe m'sitima. Ufa wakuda kapena wosasa unkatsika mtengo kapenanso kukanidwa.

A Evans ataona zonsezi anazindikira kuti mphero zinkagwira bwino ntchito yake. Ufa, nthawi ndi ndalama zinkatayikira pakati pa gawo lina ndi linzake, ndipo m'pamene anaika maganizo awo onse.

Makina asanu

Chigayo cha pa Red Clay Creek chinayamba kugwira ntchito cha m'ma 1785, ndipo m'zaka zingapo zotsatira a Evans anakhala akuikamo ndi kukonzanso makina asanu onyamula katundu.

Oyamba anali okweza katundu m'mwamba. Anali lamba wachikopa wozungulira pa mawilo awiri, lina pansi lina pamwamba, ndipo pa lambayo anamangirirapo tindowa ting'onoting'ono. Tindowato tinkatunga tirigu kapena ufa pansi, kukwera nawo m'kati mwa bokosi lalitali lamatabwa, n'kukakhuthula pamwamba.

Achiwiri anali oyendetsa katundu cham'mbali. Unali mtengo wautali wokhomedwa timatabwa mopotana ngati sikuluwu, woikidwa m'ngalande yamatabwa. Mtengowo ukamazungulira, unkakankha tirigu kapena ufa kuchoka kumapeto kwina kwa ngalandeyo kukafika kwina.

Achitatu ndi omwe analowa m'malo mwa mnyamata wotembenuza ufa uja, n'chifukwa chake anapatsidwa dzina la ntchito yake lakuti hopper boy. Unali mtanda wautali wokhala ndi mano amatabwa kunsi kwake, umene unkazungulira pang'onopang'ono pamwamba pa ufa. Ufa wotentha unkagwera m'mphepete mwa bwalo lake, ndipo manowo ankautembenuza n'kumausendeza chapakati. Pofika pa bowo lapakati, ufa unali utazizira ndi kuuma, n'kugwera m'chosefera.

Achinayi anali lamba wokhala ndi timatabwa tokokera katundu m'ngalande pamalo pomwe sikuluwu ija sinali yoyenera. Achisanu anali lamba wotsetsereka amene ankayendetsedwa ndi kulemera kwa katundu wogwera pa iye, n'kumutsitsa pang'onopang'ono.

Nzeru inali m'kalumikizidwe

Ambiri mwa makinawa sanali achilendo pa dziko. Tindowa tomangirira pa gudumu kapena pa chingwe tinkatungira madzi m'mayiko a ku Middle East kuyambira kalekale, ndipo sikuluwu yokwezera madzi imadziwika ndi dzina la Archimedes, katswiri wa Chigiriki yemwe anamwalira m'chaka cha 212 Yesu asanabadwe. Chatsopano chinali chakuti a Evans anaona chigayo chonse ngati makina amodzi, kuyambira pa khomo lolowera tirigu mpaka pa mgolo wa ufa, ndipo anachikonza motsatira mfundo zomwe amisiri okonza mizere ya m'mafakitale amazitsatirabe.

Mfundo yoyamba inali yakuti katundu akwezedwe ndi makina, koma potsika azitsika yekha. Tirigu ankakwezedwa pamwamba, n'kumatsika kudzera m'makina ochotsa fumbi ndi zitsotso mpaka pa mphero. Ufa unkakwezedwanso, n'kumatsika kudzera pozizirira, posefera, mpaka popakira. Ufa wokhakhala womwe unkatsala posefa unkabwezedwa ku mphero kuti ukaperedwenso.

Yachiwiri inali yakuti makina onse azilandira mphamvu kuchokera pa gudumu limodzi la madzi kudzera m'magiya ndi malamba. Madzi akachepa mphero n'kuyamba kuzungulira pang'onopang'ono, zonyamula katundu nazonso zinkachepetsa liwiro, motero gawo lina silinkathamanga kusiya linzake.

Yachitatu inali ya muyeso. Kukula kwa tindowa, kutalikirana kwake ndi liwiro la lamba zinayenera kugwirizana ndi kuchuluka kwa ufa umene mphero zinkatulutsa pa ola. Tindowa tikachepa, ufa unkaunjikana pansi pa mphero ndipo ntchito yonse inkaima. Tikakula mopitirira, mphamvu ya madzi inkathera pa kuzunguza ndowa zopanda kanthu. Hopper boy nayo inali ndi ntchito yachiwiri pambali pa kuziziritsa: inkasunga ufa kwa kanthawi n'kumaupereka ku chosefera mofanana, mosasamala kanthu kuti wafika wambiri kapena wochepa.

Zotsatira zake zinali zakuti tirigu ankatha kulowa mbali imodzi ya nyumba n'kutuluka ufa mbali ina popanda munthu kumukhudza. Mwini chigayo ankangotsala ndi ntchito yoyang'anira makina, kusintha mpata wa mphero ndi kutseka migolo. Antchito ofunika anachepa, ufa unayera, ndipo muyeso womwewo wa tirigu unkatulutsa ufa wabwino wochulukirapo.

Eni zigayo achedwa kuvomereza

Ngakhale zinali choncho, eni zigayo zikuluzikulu za m'mbali mwa mtsinje wa Brandywine ku Wilmington, zomwe zinali zotchuka kwambiri m'dzikolo, sanatengeke nazo msanga. Iwo anali ndi malonda oyenda bwino ndipo sankaona chifukwa chogumulira za m'kati mwa zigayo zawo potsatira maganizo a mnyamata wa pa kamtsinje. A Evans anatumiza mbale wawo Joseph kuti akayendere eni zigayo m'madera osiyanasiyana, koma poyamba olabadira anali ochepa.

Zinthu zinasintha pamene banja la Ellicott, lomwe linali ndi zigayo zazikulu pa mtsinje wa Patapsco pafupi ndi Baltimore, linaika makinawa n'kuyamba kupindula nawo poyera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1790 eni zigayo a ku Brandywine nawonso anayamba kutsatira.

Chikalata chachitatu cha dziko

Pofuna kuteteza luso lawo, a Evans anayamba apempha nyumba za malamulo za madera monga Delaware, Pennsylvania ndi Maryland kuti ziwapatse umwini wa makinawo, chifukwa boma lalikulu linali lisanakhale ndi lamulo lotere. M'chaka cha 1790 nyumba ya malamulo ya dziko lonse, Congress, inakhazikitsa lamulo loyamba la zikalata za umwini wa luso, zomwe zimatchedwa patent. Mapempho ankaunikidwa ndi akuluakulu atatu a boma: a Thomas Jefferson, omwe anali nduna yoona za maubale ndi mayiko ena, a Henry Knox, nduna ya za nkhondo, ndi a Edmund Randolph, mlangizi wamkulu wa boma pa za malamulo.

Mu December 1790 a Evans analandira chikalata chachitatu kuperekedwa pansi pa lamuloli, cha zaka 14, chosainidwa ndi mtsogoleri wa dzikolo a George Washington. Chaka chotsatira a Washington eni ake anagula chilolezo n'kuika makinawa m'chigayo chawo cha ku Mount Vernon m'dera la Virginia.

M'chaka cha 1795 a Evans anasindikiza buku lotchedwa The Young Mill-wright and Miller's Guide. Bukuli linafotokoza za mphamvu ya madzi, magiya, mphero ndi kaikidwe ka makina asanu aja, ndipo linali ndi zojambula ndi miyeso. Gawo lina linalembedwa ndi mmisiri womanga zigayo a Thomas Ellicott. Linasindikizidwa maulendo 15, komaliza m'chaka cha 1860. Bukuli linafalitsa luso la a Evans kuposa njira ina iliyonse, koma linachititsanso kuti mmisiri aliyense wodziwa kuwerenga athe kupanga makinawo popanda kulipira mwini wake.

Injini za nthunzi

Atasamukira ku Philadelphia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1790, a Evans ankagulitsa mphero, nsalu zosefera ndi zipangizo zina za m'zigayo, kwinaku akulimbana ndi maganizo omwe anali nawo kuyambira unyamata, a injini yoyendera nthunzi yopanikizika kwambiri. Injini za James Watt za ku Britain zinali zazikulu ndi zolemera chifukwa zinkagwiritsa ntchito nthunzi yosapanikizika kwenikweni. A Evans, monganso a Richard Trevithick ku Britain m'zaka zomwezo, anaona kuti nthunzi ikapanikizika kwambiri injini ingathe kukhala yaing'ono koma yamphamvu. Analandira chikalata cha injini yawo m'chaka cha 1804.

M'chaka cha 1805 anapangira bungwe la zaumoyo la mzinda wa Philadelphia bwato lofukula matope pa doko, lotalika mamita pafupifupi 9, lomwe analitcha Oruktor Amphibolos. Nalonso linkafukula ndi ndowa zomangirira pa unyolo, monga zija za m'chigayo. Malinga ndi zomwe eni ake analemba, analiika pa mawilo n'kuliyendetsa ndi injini yake m'misewu ya mzindawo mpaka pa mtsinje wa Schuylkill. M'buku lawo lachiwiri, la chaka chomwecho, anafotokozanso njira yoziziritsira zinthu popanikiza mpweya, yomwe mafiriji anadzagwiritsa ntchito pambuyo pake.

Kenaka anakhazikitsa fakitale ya Mars Works ku Philadelphia, yosungunula zitsulo ndi kupanga injini, ndipo mwana wawo George anatsogolera fakitale ina yotere ku Pittsburgh. Imodzi mwa injini zawo inaikidwa pa malo opopera madzi a mzinda wa Philadelphia ku Fairmount.

Milandu

Pamene chikalata cha makina a m'chigayo chinkatha mphamvu patapita zaka 14, a Evans ankadandaula kuti sanapeze phindu loyenera chifukwa zaka zambiri zinathera pa kukopa anthu. Atapempha kangapo, Congress inakhazikitsa mu January 1808 lamulo lapadera lokomera iwo okha, lowapatsa chikalata china cha zaka 14.

Lamuloli linabweretsa mpungwepungwe. M'zaka zitatu zomwe panalibe chikalata, eni zigayo ambiri anali ataika makinawo podziwa kuti tsopano ndi a aliyense. A Evans anakweza kwambiri mtengo wa chilolezo, anatumiza nthumwi kukatolera ndalama, ndipo okana kulipira anawatengera ku khoti. Eni zigayo a ku Baltimore anakadandaula ku Congress, ndipo munthu amene kale ankayamikiridwa anasanduka mdani wa anthu omwe ankagwiritsa ntchito luso lake.

Mu August 1813 a Jefferson, omwe apa n'kuti atapuma pa udindo wa mtsogoleri wa dziko ndipo anali atalipira kale chilolezo cha chigayo chawo, analembera kalata a Isaac McPherson a ku Baltimore pa nkhaniyi. M'kalatayo anasonyeza kuti tindowa tokwezera katundu ndi sikuluwu zinali zakalekale, ndipo anavomereza kuti hopper boy inali ya a Evans. Funso lomwe linali pakati pa mbali ziwirizi ndi lomwe maofesi oona za umwini wa luso amakumana nalobe: kodi munthu amene walumikiza zida zakale mwa njira yatsopano ali ndi umwini wa chiyani, nanga anthu ena onse amulipire kwa nthawi yaitali bwanji?

M'chaka cha 1815, pa mlandu wa Evans ndi Jordan, bwalo lalikulu la milandu la Supreme Court linagamula mokomera a Evans. Linati amene anaika makinawo pa nthawi yomwe panalibe chikalata ayenera kulipira ngati anapitiriza kuwagwiritsa ntchito chikalata chatsopano chitatuluka. Komabe milandu sinathe, ndipo inawawonongera ndalama, nthawi ndi mbiri. Zolemba zawo za m'zaka zimenezi n'zodzaza ndi madandaulo akuti dziko silisamala anthu otulukira zinthu.

Imfa yawo

Mayi Sarah Evans anamwalira m'chaka cha 1816, ndipo patapita zaka ziwiri a Evans anakwatiranso. Mu 1819 anadwala matenda a m'mapapo ali mumzinda wa New York. Pa 11 April chaka chimenecho fakitale ya Mars Works inapsa ndi moto, ndipo uthenga unawapeza ali pa mphasa. Anamwalira pa 15 April 1819 ali ndi zaka 63.

Patapita zaka zitatu, m'chaka cha 1822, Supreme Court inagamula mlandu wa Evans ndi Eaton mowatsutsa. Bwalolo linati chikalata chawo sichinafotokoze momveka bwino kusiyana kwa hopper boy yawo ndi makina ena ofanana nayo omwe mboni zinati analipo kale. Chigamulochi chinalimbikitsa mfundo yakuti wopempha umwini wa luso ayenera kulemba mwatchutchutchu chimene wawonjezera pa zomwe zinalipo.

Zomwe anasiya

Kuyambira m'zaka za m'ma 1870 mphero zamiyala zinayamba kulowedwa m'malo ndi zitsulo zozungulira zophwanya tirigu, ndipo mphamvu ya madzi inadzalowedwa m'malo ndi nthunzi ndi magetsi. Koma tindowa tokwezera mbewu ndi sikuluwu yoyendetsa ufa zikugwirabe ntchito m'zigayo zikuluzikulu, m'nkhokwe za mbewu ndi m'mafakitale a simenti ndi a zakudya za ziweto pa dziko lonse.

Pamene akatswiri a kampani ya Ford ankakhazikitsa mzere woyenda pa fakitale ya Highland Park m'chaka cha 1913, anatengera nzeru ku malo ophera nyama a ku Chicago komanso ku mafakitale omwe ankayendetsa kale katundu pa malamba, kuphatikizapo zigayo za ufa. Vuto lomwe ankalimbana nalo linali lomwe lija la pa Red Clay Creek: kuchotsa kudikira ndi kusenza pakati pa magawo a ntchito, ndi kuonetsetsa kuti gawo lililonse likuyenda pa liwiro logwirizana ndi linzake. Katswiri wa mbiri ya makina a Sigfried Giedion, m'buku lawo la m'chaka cha 1948 lotchedwa Mechanization Takes Command, anaika a Evans pachiyambi penipeni pa mbiri imeneyi.

Ku Mount Vernon, chigayo cha a Washington chinamangidwanso pamalo ake akale, ndipo m'kati mwake munaikidwa makina opangidwa motsatira zojambula za a Evans. Madzi akatsegulidwa, gudumu limazungulira, tindowa timakwera ndi mbewu, ndipo alendo amaona ufa ukutsika wokha kuchoka pamwamba pa nyumbayo popanda wousenza.